Ndinachona, mayi anamwalira ndisanawaone. Kodi mtolo woterewu umatulidwa bwanji?

Bambo a Limbani (Epworth):
Abale anga mwa Ambuye, mwaswera bwanji nonse. Ine pa gulu lino ndimangowerenga, koma lero tulo takana ndiye ndati ndimasuke. Mundipirire, nkhaniyi ndi yaitali.

Ndinachoka kwathu ku Dedza kubwera kuno ku Harare, ku Zimbabwe, mu 1994, nkhondo ya ku Mozambique itatha, msewu wa ku Tete utayamba kuyendeka popanda asilikali operekeza. Ndinali ndi zaka 23. Mayi anandiperekeza mpaka pamsewu atandimangira mbatata yootcha ndi mtedza m'kansalu. Ndinawauza kuti ndikakhala zaka ziwiri zokha, ndikagula makina osokera ndibwerako. Ntchito ndinaipezadi, ya utelala, pa fakitale ina ya zovala ku Graniteside. Ndinakwatira, tili ndi ana atatu. Kumudzi ndinapitako kamodzi kokha, mu 1998, ndi sutikesi yodzaza: shuga, sopo, bulangete la mayi, nsapato za ana a mlongo wanga. Tsiku limenelo mudzi wonse unasonkhana pakhomo pathu.

Kenako zinthu zinayamba kutsetsereka. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina, pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, kanyumba kamene tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ina ku Mbare kanagwetsedwa. Tinagona panja ndi ana m'nyengo yozizira ija, ndipo ndi mmene tinapezekera kuno ku Epworth. Mu 2006 inafika kalata ya mlongo wanga yonena kuti mayi akudwala, miyendo yatupa, akukufunsani. Apa ndi pamene ndikufuna kunena zoona, chifukwa kwa zaka zonsezi anthu ndakhala ndikuwauza kuti ndinalibe ndalama. Ndalama ya basi ndinali nayo. Chimene ndinalibe ndi katundu woti ndikatsitse. Ndinachita manyazi kukafika chimanjamanja, wowonda, nsapato yong'ambika, pamudzi pamene anandiona mu 1998. Ndinati ndidikire mwezi wamawa. Kalata ija sindinayankhe. Inabwera ina mu 2007, m'masitolo muli mbee, nayonso sindinayankhe. Pofika 2008 ndalama inasanduka mapepala, fakitale inatseka, ndipo apo ngakhale ndikanafuna sindikanatha.

Mayi anamwalira mu Ogasiti 2008. Uthenga unandipeza patapita masabata atatu kudzera mwa dalaivala wina wa thiraki wa kwathu komweko. Chiyambire sindinapondeko kumudzi. Nambala ya mlongo wanga ndinaipeza zaka zitatu zapitazo kwa wachibale pa Facebook, ili mu foni muno, sindinaimbepo.

Kutchalitchi ndimapita, ndili m'kwaya ya abambo. Ndinalapa kangapo konse, ndikudziwa kuti Mulungu amakhululuka. Koma ku Mgonero ndinasiya kupita, ndikaona mkate uja mtima umanditsutsa. Ndikunong'oneza bondo usiku ndi usana. Funso langa ndi ili: ngati Mulungu anandikhululukiradi, bwanji mtolowu sukuchoka? Alipo amene anadutsamo?

Mayi a Chikondi (Glen View):
Pepani bambo. Ndawerenga misozi ili m'maso. Tikukupemphererani.

Yamikani:
Bambo, limbani mtima! Zakale zapita, zonse zakhala zatsopano. Satana ndi amene akukukumbutsani zimenezo, iye ndi woneneza abale. Werengani Yoweli 2:25, Mulungu akulonjeza kubwezera zaka zimene dzombe linadya. Ndiponso Paulo pa Afilipi 3:13 akuti amaiwala za m'mbuyo n'kuthamangira zakutsogolo. Chofunika apa ndi kudzikhululukira nokha basi. Lengezani m'mawa uliwonse kuti ndine womasulidwa, muona mtolowo ukugwa.

Nabanda (Mufakose):
Yamikani mwanawe, ukunena ndi mtima wabwino koma wafulumira. Achimwene a ku Epworth, mundikhululukire, ine ndilankhula ngati mlongo wanu uja, chifukwa mpando wake ndinaukhalapo.

Bambo anga anadwala zaka zinayi muno mu Mufakose. Alongo anga awiri anali ku Joni. Ine ndi amene ndinkawasambitsa bambo, kuwatembenuza, kuchapa zofunda usiku, kukaima pamzere wa mankhwala kusanache. Mukudziwa mwambo wathu, mwana wamkazi kusambitsa bambo ake si zoyenera, koma panalibe wina. Atamwalira, mlongo wanga wamkulu anaimba foni akulira kuti iye akuvutika mumtima, sakugona, ndimupempherere. Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Nkhani yonse inali ya mtima wake. Za msana wanga sanafunse.

Ndawerenga uthenga wanu kawiri. Mwatchula manyazi anu, tulo tanu, Mgonero wanu. Mlongo wanu mwamutchula ngati wolemba makalata chabe. Kodi mukudziwa kuti miyendo yotupa ija ankaithowa ndani? Bokosi anagula ndani? Chakudya cha adzukulu ndi anthu a pasiwa chinachokera kuti? Inu ku Dedza kuja ndinu malume, ndinu mwini mbumba. Ana ake akadwala, akafuna kukwatira, pakabuka mlandu wa munda, amayenera kuthamangira kwa inu. Akhala akuthamangira kwa ndani?

Mayi anapita, amenewo simungawachitirenso kanthu. Koma mlandu wanu suli kumanda kokha ayi, theka lake likuyenda ndi miyendo, likulima ku Dedza. Yesu pa Mateyu 5:23-24 ananena kuti ukafika ndi mtulo wako paguwa n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, usiye mtulowo, upite ukayanjane naye kaye. Mwina mtima umene ukukutsutsani pa Mgonero paja si Satana. Mwina ukukuuzani zoona.

Yamikani:
Mayi, koma munthu wabwera wosweka kale, tisamuwonjezere. Palibe kutsutsidwa kwa iwo amene ali mwa Khristu, Aroma 8:1.

Nabanda (Mufakose):
Sindikuwatsutsa ku Gehena mwanawe, ndikuwalozera foni.

Woyang'anira gulu:
Tiyeni tipitirize mwaulemu abale, nkhaniyi ndi yolemera. Amene akutumiza malonda a zitenje adikire kaye mpaka mawa.

Aphiri (Highfield):
Ndine mkulu wa mpingo ku CCAP, si mbusa, choncho mulandire mawu anga ngati a mnzanu. Ndafika kuno mu 1979 mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo amuna onga inu ndakhala nawo pansi ambiri. Ena ndawaika m'manda ndi mawu omwewo pakamwa, akuti chaka chamawa ndipita.

Bambo a Limbani, m'Baibulo muli mchona, ndipo ndi Yakobo. Werengani Genesis kuyambira mutu 27. Atalanda madalitso a mkulu wake, mayi ake Rebeka anamuuza kuti athawire kwa malume ake Labani akakhale masiku owerengeka mpaka mkwiyo wa Esau utaphwa, adzamuitanitsa. Masiku owerengeka aja anasanduka zaka 20. Anakwatira komweko, anabereka komweko, malipiro ake ankangosinthidwasinthidwa. Ndipo chimene anthu ambiri sachiona ndi ichi: Baibulo silinenanso paliponse kuti Yakobo anawaonanso mayi ake. Timangomva kumapeto kwa bukulo, pa mutu 49, kuti Rebeka anaikidwa kuphanga la Makipela. Anasiyana nawo tsiku lija lothawa, basi.

Mulungu sanamutaye chifukwa cha zimenezo. Anali naye kwa Labani, anamudalitsa ali komweko, asanakonze kalikonse ndi mkulu wake. Chikhululukiro sichinadikire ulendo. Pamenepa Yamikani wanena zoona, ndipo inu muyenera kugwiritsa: simudzagula chikhululukiro ndi tikiti ya basi, chinagulidwa kale pamtanda. Koma Mulungu yemweyo ndi amene anauza Yakobo kuti nyamuka bwerera kwanu, ndipo njira ya kwawo inadutsa pamaso pa Esau. Apo ndi pamene Nabanda aima.

Tsono taonani zimene Yakobo anachita atamva kuti Esau akubwera ndi amuna 400. Anaganiza ngati inu. Anati sindingafike chimanjamanja, natsogoza mphatso magulumagulu: mbuzi zazikazi 200, nkhosa zazikazi 200, ngamira, ng'ombe, abulu. Sutikesi yake inali imeneyo. Usiku umenewo anatsala yekha pa Yaboki, analimbana mpaka mbandakucha, ndipo anatuluka akutsimphina. Esau atamuona anathamanga, namukumbatira, analira onse awiri. Za ziweto zija Esau anafunsa pambuyo, n'kunena kuti ndili nazo zambiri mbale wanga, sunga zako. Anachita kuumirizidwa kuti alandire.

Funso lanu munati bwanji mtolo sukuchoka. Ine ndikuona kuti mwamanga zinthu zitatu m'mtolo umodzi. Choyamba ndi tchimo: kunyada kumene kunakuletsani kuyankha makalata awiri aja. Limenelo mwalitchula ndi dzina lake lero, mwina koyamba, chifukwa kale munkalapa mukubisala kuseri kwa umphawi. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza, Iye ndi wokhulupirika kutikhululukira. Limenelo latha. Chachiwiri ndi ngongole kwa mlongo wanu, imene ikadalipo ndipo ikukula tsiku lililonse nambala ija ili chigonere mu foni. Chachitatu ndi chisoni cha mwana amene sanalire maliro a mayi ake. Simunagone pasiwa, simunaponye dothi, simunamete. Chimenecho si tchimo, musachilape. Chimafuna kulira, ndipo mwina chidzakhala nanu mpaka kufa ngati kutsimphina kwa Yakobo. Inu mwakhala mukumva kulemera kwa chachiwiri ndi chachitatu n'kumaganiza kuti ndi umboni woti choyamba sichinakhululukidwe.

Za kudzikhululukira nokha, ine mawu amenewo sindinawapeze m'Malemba. Chimene ndinapeza ndi 1 Yohane 3:20, kuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtima wathu. Woweruza wamkulu atagamula, khoti laling'ono la mumtima mwanu lilibenso mphamvu yobweza mlandu.

Mayi a Chikondi (Glen View):
Ameni akulu. Za Rebeka zija sindinaziganizirepo.

Nabanda (Mufakose):
Aphiri mwayala bwino. Ndingowonjeza kuti si Esau aliyense amathamanga. Ine mlongo wanga sindinamuthamangire, zinanditengera zaka ziwiri kuti ndidye naye mbale imodzi. Achimwenewa akaimba foni asayembekeze nthungululu.

Mayi a Tereza (Dzivarasekwa):
Ine ndine Mkatolika, ndiloleni ndiikepo mawu. Ife timaona kuti tchimo limene munthu walinena mumtima mokha limavuta kulisiya, chifukwa khutu silinamve yankho. N'chifukwa chake timapita kwa wansembe, timalitchula ndi pakamwa, ndipo timamva ndi makutu athu kuti machimo ako akhululukidwa, pita mumtendere. Sindikukukokerani kwathu bambo, koma pitani kwa abusa anu mukawauze zimene mwatiuza ife, osachotsapo za ndalama ya basi zija, ndipo akuuzeni maso ndi maso zimene Mulungu akunena.

Ndimaganiziranso za Petro ndi Yudasi. Onse awiri anamuchimwira Ambuye usiku umodzi, onse awiri anamva chisoni. Yudasi mpaka anabweza ndalama 30 zasiliva zija. Koma anapita nazo kwa anthu amene anamuyankha kuti ife zikutikhudza chiyani, udzionere wekha, ndipo anadzioneradi yekha. Petro analira kwambiri koma sanachoke pakati pa anzake. Pa Yohane 21 Yesu anamupeza kunyanja, anasonkha moto wamakala ngati uja Petro ankaotha pomukana, anamudyetsa kaye, kenako anamufunsa katatu ngati amamukonda. Sanamufunse kuti unachitiranji. Anamupatsa ntchito, dyetsa nkhosa zanga. Paulo pa 2 Akorinto 7:10 amasiyanitsa chisoni cha kwa Mulungu chimene chimatembenuza munthu ndi chisoni cha dziko chimene chimabala imfa. Chanu bambo mwachisunga nokha zaka zoposa 15, mwachita bwino kuchitulutsa.

Ife tikanaperekanso Misa yopempherera mzimu wa mayiwo.

Aphiri (Highfield):
Mayi a Tereza, pa Misa ya akufa paja ife a CCAP sitiyenda nanu, timakhulupirira kuti amene wagona mwa Ambuye ali kale m'manja mwake. Koma za kupita kwa abusa ndavomereza ndi manja awiri. Ndipo Mgonero suikidwira anthu osachimwa. Oyamba kuudya anathawa onse usiku womwewo.

Mayi a Tereza (Dzivarasekwa):
Ndamva akulu, tisakangane pa zimenezo lero.

Nasibeko (Norton):
Moni makolo anga. Ine ndinabadwira kuno, Chichewa changa n'chophunzira kwa agogo, mukhululuke pamene ndaphonya. Ndikufuna kunena mbali ina chifukwa ndikuopa kuti tikhala ngati aliyense amene sanabwerere kumudzi ndi wochimwa.

Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, cha m'ma 1950, kudzera ku Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito zobwera kuno. Anagwira ntchito m'mafamu a fodya moyo wawo wonse. Mafamu atalandidwa kuyambira mu 2000 anasowa kolowera, kwawo kunalibe amene ankawadziwa, kuno ankatchedwa mabhurandaya, anthu opanda kumusha, kutanthauza opanda kumudzi. Anathera ku Lydiate kufupi ndi kuno ku Norton, kumene kuli ambiri a mtundu wathu. Chitupa chawo chinali ndi chilembo A, kusonyeza kuti ndi mlendo. Bambo anga obadwira kuno nawonso chimodzimodzi, mpaka malamulo a dziko a mu 2013 atatsegula njira kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC.

Masiku awo omaliza agogo ankangoti ndinataya moyo wanga, ndinasiya manda a makolo, ndikanadziwa. Madzulo alionse ankatchula mayina a mapiri ndi mitsinje ya kwawo. Tsiku lina ndinawawerengera Yeremiya 29, kalata yopita kwa anthu amene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Anthu amakonda ndime 11 yokha, koma ine ndinawerenga kuyambira ndime 4: mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, berekani, ndipo mufunire mtendere mzinda umene ndakupititsaniko. Agogo anati bwerezanso. Ndinabwereza. Kenako anayamba kutiwerenga zidzukulu ndi zala, tinakwana 17. Sananene kuti chisoni chatha, koma kuyambira tsiku limenelo popemphera ankatchula dziko lino, zimene kale sankachita.

Bambo a Limbani, makalata aja munalakwa, mwanena nokha. Koma kubwera kuno sikunali kulakwa, ndipo Limbani ndi abale ake si zipatso za tchimo. Musawaonetse nkhope yoti moyo umene munawaberekeramo unali wotayika. Ife ana timaona zimenezo ndipo zimatipweteka.

Bambo a Limbani (Epworth):
Ndikuwerenga zonse. Sindikutha kuyankha pakali pano. Nabanda, mwandilasa, koma simunaname.

Namoyo:
Pepani kulowerera nkhani ya eni. Ine yanga ndi yosiyana koma ikundidya chimodzimodzi. Ndinasiya mwana wanga wamkazi ku Thyolo ali ndi zaka ziwiri mu 2011, bambo ake atatithawa, ndinabwera kudzagwira ntchito ya m'nyumba ku Borrowdale. Mwezi uliwonse ndimatumiza pa Mukuru, sindinaphonyepo, fizi, yunifomu, feteleza wa agogo ake. Ndimapitako pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Ulendo wathawu ndinamumva akuuza mnzake kuti kwabwera anti a ku Zimbabwe. Amene amawatcha amayi ndi agogo ake. Ndalera ana a mabwana anga atatu, ndikudziwa chimene aliyense amakonda kudya, koma wanga sindikudziwa. Ndikanakhala, tikanagona ndi njala. Ndinachoka, ndataya mwana. Ndilape chiyani pamenepa?

Yamikani:
Achemwali, apa ndilibe vesi lofulumira. Pepani kwambiri.

Aphiri (Highfield):
Mwana wanga Namoyo, pa zimene wafotokozazi ine sindikuonapo choti ulape. Unasankha pakati pa zowawa ziwiri, ndipo unasankha kuti mwana adye ndi kuphunzira. Si chilichonse chopweteka chimene chili chilango. Yokebedi anaika Mose m'kabokosi pamtsinje kuti akhale ndi moyo, ndipo mwanayo anakula akutchedwa mwana wa mkazi wina. Hana anasiya Samueli ku Silo atangoleka kuyamwa, n'kumamusokera kamwinjiro chaka ndi chaka. Mulungu sanawaimbe mlandu amayi amenewa. Chako ndi chija ndinati chachitatu, cholira osati cholapa, ndipo Masalmo adzaza ndi anthu olira pamaso pa Mulungu popanda kupepesa.

Nabanda (Mufakose):
Namoyo mng'ono wanga, mtsikana wa msinkhu umenewo akamati anti nthawi zina ndi mkwiyo, akufuna aone ngati zikupweteka. Mako ndi mako, amadziwa. Usamukakamize dzina, ndipo usamuwerengere ndalama zimene watumiza, ukangotero wamutaya. Uzimuimbira iyeyo payekha, osati kudzera kwa agogo, ngakhale mphindi zisanu Lamlungu lililonse, umufunse zazing'ono, za kusukulu, za anzake, za tsitsi. Ndipo tsiku lina umuuze chifukwa chimene unachokera, mwina palibe anamufotokozerapo. Ndilembere kumbali ticheze bwino.

Namoyo:
Zikomo amayi, ndikulemberani ndikaweruka.

Che Dala wa thiraki:
Ine za maulaliki ndisiyira akuluakulu, ndinena za msewu chifukwa ndimauyenda mwezi uliwonse. Achimwene, kumudzi si kutali ngati mmene mtima ukukuuzirani. Harare mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600. Mabasi amanyamukira pa Roadport, mumadutsa Mutoko mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique pa Cuchamano, kuwoloka Zambezi pa Tete. Mukapitirira Moatize msewu umagawika, wina wa ku Zobue ndi Mwanza, wina wa ku Angonia umene umakatulukira pa chipata cha Dedza penipeni. Kuchedwa kumakhala pa zipata basi. Ngati pasipoti inatha, yambani mwapita ku ofesi ya kazembe wa Malawi muno mu Harare mukafunse za chikalata choyendera, musayese njira zam'tchire pa msinkhu wanuwo.

Chinanso, ine ndanyamulapo mitembo ya anthu athu kupita nayo kumudzi. Abale amalandira bokosi la munthu amene sanamuone zaka 30, ena osadziwa n'komwe nkhope yake. Pitani ndi miyendo yanu.

Mayi a Chikondi (Glen View):
Kodi bambo aja ali bwanji? Padutsa masiku anayi ali chete.

Bambo a Limbani (Epworth):
Ndilipo mayi. Ndimafuna ndibwere ndi chonena.

Usiku womwe uja ndinawauza mayi a kunyumba zoona zake za 2006. Iwo zaka zonsezi ankadziwa kuti kunali kusowa ndalama. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati ndiye mukudikiranso chiyani. Lachisanu madzulo ndinagula mayunitsi, ndinapita kuseri kwa nyumba pamwala, ndinapemphera mawu ochepa chifukwa ambiri sanabwere, ndinaimba. Anayankha ndi mlongo wanga yemwe, mawu ake akhala ngati a mayi. Anafunsa kuti ndani. Nditatchula dzina langa la kuubwana anadula foni.

Sindinaimbenso. Ndinakumbukira mawu a Nabanda. Loweruka m'mawa ndili pa makina ndinaona wandiflasha, ndinaimba. Analankhula mphindi zoposa 40, ine ndinangoti eya, eya. Anandiuza mmene ankawaberekera mayi kumsana kupita nawo kumsewu kukakwera galimoto ya kuchipatala. Anagulitsa mbuzi zonse zinayi. Bokosi anakhoma ndi matabwa a chitseko cha nyumba ya mayi. Mwana wake woyamba anakwatiwa mu 2015, unkhoswe anaimira munthu wobwereka chifukwa malume kunalibe. Mbali ina ya munda wa mayi inapita, panalibe mwamuna wokaima nawo kwa amfumu. Zonsezi ine sindinkazidziwa, ndinkangolira za ine ndekha.

Ndinafunsa ngati mayi anandisiyira mawu. Anati ayi, masiku omaliza sankalankhula. Ndinkayembekeza kuti mwina pali mawu ondimasula, palibe, ndipo sadzakhalapo. Ndinati ndinalakwa achemwali, ndalama ya basi ndinali nayo, ndinachita manyazi. Anati manyazi ndi ife? Sananene kuti wandikhululukira, inenso sindinamupemphe kuti anene. Anangoti pamanda palibe chiliza, mtanda wamtengo unadyedwa ndi chiswe, amene akudziwa pamene mayi agona ndi iye yekha, ndipo nayenso shuga yamugwira. Akuti ngati mukubwera mubwere mvula isanagwe, thengo likamera sipaoneka.

Yamikani, mtolo sunagwe monga unanenera, mwina walemera chifukwa tsopano ndikudziwa zimene zili m'kati mwake. Koma Loweruka usiku ndinagona mpaka kucha, ndipo popemphera ndinatha kunena kuti Atate osachita mantha. Aphiri, ndapangana ndi abusa athu kuti ndikawaone Lachitatu, za Mgonero ndikamva kwa iwo. Pasipoti inatha kalekale. Limbani akuti akufuna tipite limodzi, sanaonepo kwawo kwa bambo ake.

Yamikani:
Ndinafulumira bambo, pepani. Ndikusala kudya Lachitatu chifukwa cha inu ndi azakhali a Limbani.

Nabanda (Mufakose):
Mwachita chamuna achimwene. Kuflasha kuja musakuchepetse, munthu amene wakutaya saononga nthawi yake. Tsono mundimvere. Musadikire kuti mupeze ndalama ya chiliza, mukatero mwabwerera ku 2006. Chiliza mudzamanga ulendo wina. Za munda musakafike n'kuyamba kulamula ngati mwini mbumba, mpando umenewo akakubwezerani yekha akafuna. Mukafika mukakhale pansi, akakulankhulaninso zowawa pamaso pa ana ake, mukamve. Ndipo kuyambira lero muzimuimbira, mufunse za shugayo, mankhwala akuwapeza kuti, akudya chiyani.

Aphiri (Highfield):
Lachitatu ndikhoza kukuperekezani kwa abusa ngati mungafune. Amene angathe kuthandizapo pa za chikalata choyendera ndi basi ya anthu awiri apereke kudzera kwa woyang'anira gulu, osati pano poyera.

Che Dala wa thiraki:
Mukapita kwa kazembe munyamule pasipoti yakaleyo ngakhale inatha, ndi zithunzi. Limbani ngati ali ndi mapepala a Zimbabwe ayende ndi akewo. Ndikhala ndili mu Harare sabata yamawa yonse, ndilembereni kumbali tikumane pa Roadport ndikusonyezeni basi yoyenera.

Bambo a Limbani (Epworth):
Zikomo nonse. Aphiri, tikumane 10 koloko, ndidzakwera kombi yoyamba. Che Dala, ndakulemberani.